Umunthu tisaupachike pa ubongo wa nyani

Pali nkhani ina imene yayamba kumveka pafupipafupi m'misonkhano ya m'mahotela, paguwa, ngakhalenso m'timavidiyo ta pa WhatsApp. Akuti asayansi adapeza kuti munthu aliyense ali ndi maselo a chifundo mu ubongo mwake, ndipo maselowo ndi amene amachititsa kuti mnzako akalira nawenso misozi ilengeze. Wolankhula akafika pamenepa amakweza mawu n'kunena kuti, "Mwaonatu, ngakhale azungu avomereza tsopano kuti umunthu ndi wobadwa nawo." Anthu n'kuomba m'manja. Ine anga amakhala m'thumba. Ndaphunzitsa Biology kusekondale mpaka imvi mbuu, ndipo nkhani ya maselo amenewa ndaitsata nthawi yaitali. Ndi yokoma, mbali ina ndi yoona. Koma katundu amene tikuwasenzetsa maselowa sangamuthe, ndipo mantha anga ndi akuti tikakhulupirira zoti chifundo chimadzichitikira chokha m'mutu, tisiya kuchiphunzitsa.

Zidayambira mumzinda wa Parma, kumpoto kwa dziko la Italy, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pa yunivesite ya kumeneko padali gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Giacomo Rizzolatti, ndipo ena mwa iwo adali Giuseppe di Pellegrino, Luciano Fadiga, Leonardo Fogassi ndi Vittorio Gallese. Anthuwa sankafufuza za chifundo ayi. Ankafuna kudziwa mmene ubongo umalamulira dzanja pogwira chinthu. Ankatenga anyani a mtundu wa macaque, n'kulowetsa kawaya kopyapyala kwambiri m'chigawo cha ubongo chimene amachitcha F5, kawayako n'kukalumikiza ku sipika. Selo limodzi likayamba kugwira ntchito, sipikayo inkathetheka. Nyani akatambasula dzanja kutola mtedza, thethethe. Akabweza dzanja, zii.

Chodabwitsa chidaoneka pakati pa ntchito, pamene wofufuza ankatola chakudya pamaso pa nyani. Nyaniyo ali phee, manja osagwedeza, akungoyang'ana, sipika ija n'kuthetheka. Selo lomwe lija limene linkagwira ntchito nyani akamatola yekha lidagwiranso ntchito ataona wina akutola. Atalemba zimenezi n'kutumiza ku magazini yotchuka ya sayansi ya Nature, akonzi adawabwezera, ati nkhaniyo singakope anthu ambiri. Idakatuluka m'magazini ina mu 1992. Dzina lakuti mirror neurons adalipereka mu 1996, ndipo ine pano ndiziwatcha maselo a kalilole. M'lipoti la chaka chimenecho muli manambala amene olalikira za maselowa satchula. Pa maselo 532 amene adawamvetsera m'chigawo cha F5 cha anyani awiri, a kalilole adali 92. Ndiye kuti pa maselo 6 aliwonse, pafupifupi limodzi lokha.

Ntchito ya anthu a ku Parma sindikuipeputsa, chifukwa zimene adapeza zimandigwira mtima mpaka lero. Munthu akatola mtedza ndi pulayazi m'malo mwa zala, maselo ambiri ankangokhala chete. Akangoyerekeza kutola pamalo popanda kanthu, chetenso. Mu 2001 Maria Alessandra Umiltà ndi anzake adayesa njira ina yochenjera. Ankamuonetsa nyani chinthu patebulo, kenako n'kutchinga ndi bolodi, munthu n'kupisa dzanja kuseri kwa bolodilo. Nyani sankaona dzanja likugwira chinthucho, koma maselo ena ankathetheka ndithu. Akamuonetsa kaye kuti patebulo palibe kanthu, n'kutchinga, n'kupisa dzanja mofanana ndendende, zii. Zimene maso adaona n'zimodzimodzi, chosiyana n'chimene nyani ankadziwa kale. Chaka chotsatira Evelyne Kohler ndi gulu lomwelo adapeza maselo amene ankagwira ntchito nyani akamaswa mtedza, akaona wina akuswa, komanso akangomva phokoso la kusweka kwake osaona kanthu.

Koma taonani zimene zili patebulopo. Dzanja, mtedza, bolodi. Palibe nyani amene adagwetsa msozi chifukwa cha mnzake, palibe amene adagawira mnzake mtedzawo. Ndiponso anyani amenewa, ngakhale ali ndi kalilole m'mutu, si akatswiri pa kutsanzira. Mwana wa zaka ziwiri amawaposa kutalitali.

Amene adaikuza nkhaniyi ndi V. S. Ramachandran wa ku University of California ku San Diego, katswiri weniweni wa za ubongo komanso munthu wa pakamwa pokoma. Mu 2000 adalosera kuti maselo a kalilole adzasintha maphunziro a za maganizo a munthu monga mmene DNA idasinthira Biology. Mu 2009, polankhula pamsonkhano wa TED ku India, adafika powatcha maselo a Gandhi. M'zaka zimenezo chilichonse chidasanduka cha kalilole: chiyambi cha chilankhulo, chikhalidwe, kuyasamula mnzako akayasamula, kukonda mpira, ngakhale luso lotsatsa malonda. Aliyense wofuna kuti mawu ake amveke ophunzira ankangoponyamo dzinali.

Changu chimenechi chidapweteka ana a autism ndi makolo awo. Mu 2006 Ramachandran ndi Lindsay Oberman adafalitsa ganizo lakuti ana amenewa kalilole wawo ndi wosweka, n'chifukwa chake amavutika kucheza ndi anzawo. Mawuwo adayenda msanga poti ndi osavuta kukumbukira. Mu 2013 Antonia Hamilton adasonkhanitsa malipoti 25 a kafukufuku wokhudza nkhaniyi, ndipo adapeza kuti umboni wa kalilole wosweka ndi wochepa komanso wosagwirizana. Koma mbiri yakuti mwana wa autism sasamala za anzake idatsalira m'makutu mwa anthu, chonsecho amayi ambiri olera ana otere angakuuzeni kuti si zoona.

Nanga mwa munthu maselowa alimo? Funsoli lidachedwa kuyankhidwa, chifukwa sungaboole mutu wa munthu wabwinobwino kuti ulowetsemo waya. Ofufuza ambiri amadalira makina a fMRI, aja otulutsa zithunzi za ubongo zokhala ndi madontho ofiira ndi achikasu. Makinawa saona selo. Amayeza kusintha kwa magazi m'kachigawo kokhala ndi maselo zikwi mazanamazana. Zili ngati kuima kunja kwa Kamuzu Stadium n'kumva mfuu: udziwa kuti m'katimo mwachitika kanthu, koma sunganene kuti wakuwa ndi uje. Chigawo chikawala munthu akamachita chinthu, n'kuwalanso akamaonerera, sindiye kuti agwira ntchito ndi maselo omwewo. Akhoza kukhala oyandikana chabe.

Mwayi udapezeka ku Los Angeles. Odwala khunyu ena amene mankhwala akanika amawaika mawaya mu ubongo kuti madokotala apeze pamene matenda akuyambira asanachite opaleshoni. Mu 2010 Roy Mukamel, Itzhak Fried ndi anzawo adalengeza zimene adapeza mwa odwala 21 otere amene adavomera kuthandiza. Adamvetsera maselo 1,177 pamene odwalawo ankagwira zinthu, kumwetulira kapena kukwinya nkhope, komanso pamene ankaonerera ena akuchita zomwezo pakanema. Maselo ochepa adachitadi za kalilole. Ena mwa iwo adapezeka m'malo osayembekezeka, m'chigawo cha hippocampus chimene chimathandiza kukumbukira. Enanso ankachita zosemphana, munthu akamachita yekha ankagwira ntchito mwamphamvu, akamaonerera ankadzigwira. Choncho alimo ndithu, koma ndi omwazikana, ndipo palibe limodzi limene adalipeza likugwira ntchito ya chifundo.

Funso lolemera ndi lakuti, kodi maselowa ndi amene amatithandiza kumvetsa zochita za anzathu? Ganizo la ku Parma lidali lakuti ndimamvetsa zimene ukuchita chifukwa ubongo wanga umazichitanso mwakachetechete m'kati. Gregory Hickok wa ku Irvine, amene mu 2014 adatulutsa buku lathunthu lotsutsa zimenezi, adafunsa mafunso a mtundu umene mwana wa kumudzi angafunse. Galu akagwedeza mchira ndimadziwa tanthauzo lake, chonsecho mchira ndilibe. Kabawi akamazungulira pamwamba pa anapiye cholinga chake ndimachidziwa, koma sindinaulukepo. Ku Paris mu 1861 dokotala Paul Broca adaona wodwala amene ubongo wake udawonongeka moti ankangotha kunena "tan" basi, koma zonena anthu ankazimva. Kukadakhala kuti kumvetsa mawu kumadalira mbali yopanga mawu, bamboyo sakadamva kanthu. Mu 2016 Gilles Vannuscorps ndi Alfonso Caramazza adayesa anthu 5 obadwa opanda mikono kapena ndi mikono yaifupi kwambiri, ndipo anthuwo ankazindikira zochita za manja a ena mofulumira komanso molondola ngati wina aliyense. Palinso anthu obadwa ndi vuto la Möbius, amene nkhope yawo siyenda moti sangamwetulire, koma atawayesa mu 2010 ankazindikira bwinobwino nkhope yokondwa, yokwiya ndi yachisoni. Maselo a kalilole akhoza kuthandiza pang'ono, maka posiyanitsa kayendedwe ka thupi ndi potsanzira, koma kumvetsa munthu kuli ndi makomo ambiri.

Tsono maselowa amachokera kuti? Cecilia Heyes wa ku Oxford ali ndi yankho limene ine ndimagwirizana nalo, ngakhale a ku Parma salivomereza lonse. Iye akuti sitibadwa ndi kalilole wopangapanga, timamupanga pokula. Khanda likamatambasula dzanja limaonanso dzanjalo likutambasuka. Maselo oona ndi maselo oyendetsa dzanja amagwira ntchito nthawi imodzi, lero, mawa, mkuja, mpaka amalumikizana. Akalumikizana, kuona dzanja la wina kumadzutsa onse awiri. Ngati zili choncho, ndiye kuti kalilole angathe kuphunzitsidwa zina. Mu 2007 Caroline Catmur, Vincent Walsh ndi Heyes adayesa zimenezi ku London. Mwachizolowezi, ukaona chala chamkombaphala cha wina chikugwedera, mnofu wa mkombaphala wako umakonzekera kugwedera, ngakhale iwe sukudziwa. Iwo adaphunzitsa anthu kuti akaona mkombaphala azigwedeza kachala kakumapeto, akaona kachala kakumapeto azigwedeza mkombaphala. Atazolowera kwa kanthawi kochepa chabe, kalilole adatembenuka. Kungoona mkombaphala, umene unkadzuka ndi mnofu wa kachala kakang'ono.

Ku London komweko Beatriz Calvo-Merino mu 2005 adajambula ubongo wa ovina ballet ndi wa akatswiri a capoeira ya ku Brazil akuonerera magule onse awiri. Aliyense ubongo wake unkatakataka kwambiri poonerera gule amene thupi lake lidamuphunzira. Sindikukayika kuti mutatenga wovina malipenga wa ku Nkhata Bay ndi wovina tchopa wa ku Thyolo mungapeze zofanana. Thupi limayankha zimene lidazolowera.

Ena anena kuti, nanga khanda longobadwa kumene silitsanzira? Kwa zaka zambiri mabuku ankaphunzitsa choncho, kutengera zimene Andrew Meltzoff ndi Keith Moore adalemba mu 1977, zoti ukalitulutsira lilime nalonso limatulutsa. Mu 2016 gulu la ku University of Queensland ku Australia lidayesa makanda 106 kangapo m'masabata awo oyambirira, ndipo silidapeze umboni wakuti akutsanzira. Khanda linkatulutsa lilime ngakhale wamkulu atachita zina. Mkanganowo ukadalipo pakati pa akatswiri. Koma inu khalani pakhonde muone mayi ali ndi khanda pamiyendo. Khanda likayasama, mayi nayenso "aaa". Likakwinya nkhope, mayi akwinya yake n'kumaliseka. Likati "bububu", azakhali onse pabwalopo "bububu". Akutsanzira mnzake ndani pamenepa? Khanda siliona nkhope yake. Limadziwa mmene kumwetulira kwake kumaonekera chifukwa wina wakhala akulibwezera kumwetulirako tsiku ndi tsiku.

Tifike pa ululu ndi chisoni, poti ndi pamene pagona mtima wa olalikira aja. Zoti thupi limanjenjemera poona mnzako ali pangozi si zachilendo. Adam Smith adalemba kale mu 1759 za anthu oonerera munthu woyenda pachingwe, mmene nawonso amapindikira matupi awo ali pansi. Chimene sayansi idawonjezera ndi kuloza malo ake mu ubongo. Mu 2003 Bruno Wicker ndi anzake adanunkhitsa anthu fungo lonyansa, kenako n'kuwaonetsa nkhope za ena akunyansidwa, ndipo chigawo chotchedwa insula chidagwira ntchito pa zonse ziwiri. Mu 2004 Tania Singer adaitana amuna ndi akazi okondana, mabanja 16. Mkazi ankagona m'makina ojambula ubongo, mwamuna atakhala pambali, onse atawamangirira kawaya ka magetsi padzanja. Nthawi zina ululu unkapita kwa mkazi, nthawi zina kwa mwamuna, mkazi akudziwa. Ukapita kwa mwamuna, zigawo za insula ndi cingulate za mkazi zinkadzuka ngati wapwetekedwa ndi iye, pamene zigawo zouza munthu malo enieni amene pakupweteka zinkakhala chete. Awa si maselo a F5 aja a dzanja ndi mtedza. Ndi zigawo zina, ndipo adaziona ndi fMRI. Maselo amodziamodzi ochita zotere adawapeza mwa makoswe ku Amsterdam mu 2019, m'gulu la Christian Keysers.

Mpaka apa woomba m'manja uja akhoza kumwetulira. Koma Singer sadalekere pomwepo. Mu 2006 adaseweretsa anthu masewera a ndalama ndi anthu awiri, wina wachilungamo, wina wachinyengo mwadala. Kenako adawaonetsa onse awiri akumva ululu. Kwa wachilungamo, ubongo wa amuna ndi akazi udayankha. Kwa wachinyengo, wa amuna udazirala, ndipo m'malo mwake chidadzuka chigawo chimene chimagwira ntchito munthu akalandira chokoma. Mu 2010 Grit Hein ku Zurich adatenga ochemerera timu ya mpira ya mumzindawo n'kuwaonetsa mnzawo wa timu yomweyo akumva ululu, kenako wa timu yopikisana nayo. Adawapatsa mwayi wosankha: kulandira theka la ululuwo kuti mnzakeyo apepukidwe, kuonera kanema wa mpira, kapena kungomuyang'ana akuvutika. Wa timu yawo ankamuthandiza kawirikawiri. Kwa wa timu ina, amene ankamuipidwa kwambiri ndi amene chigawo cha chokoma chija chinkawadzukira, ndipo ndi omwewo amene sankathandiza. Aliyense amene adakhalapo pakati pa Maule ndi Manoma tsiku la debi sangadabwe nazo.

Chimene chimandikhalira m'mutu ndi cha ku Italy, cha Alessio Avenanti ndi anzake, mu 2010 momwemo. Adaonetsa azungu a ku Italy ndi anthu akuda ochokera ku Africa okhala m'dzikomo kanema wa singano ikulowa m'dzanja. Dzanja likakhala la khungu lofanana ndi lawo, thupi la woonerera linkayankha ngati lalasidwa. Likakhala la khungu linalo, yankho lija linkasowa, ndipo zidali choncho mbali zonse ziwiri. Kenako adawaonetsa dzanja lopakidwa utoto wa pepo, khungu limene palibe munthu ali nalo padziko. Thupi lidayankha. Dzanja lachilendo kotheratu lidamvetsa anthu ululu, koma dzanja la munthu wa gulu limene adaphunzira kulikayikira ayi. Choncho vuto silidali kusiyana kwa maonekedwe. Lidali zimene adamva ndi kuzolowera za eni khungulo.

Ife sitifunika makina kuti tidziwe zimenezi. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi adaphedwa powaganizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana m'mudzimo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidayendayenda ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, ndipo anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Mmodzi mwa iwo adali mnyamata wodwala khunyu, matenda omwe aja a odwala a ku Los Angeles amene adalola kuti ubongo wawo utiphunzitse za maselowa. Adamuotcha anthu akuonerera. Onse oima pamenepo adali ndi insula, adali ndi cingulate, maselo a kalilole adali nawo. Ambiri a iwo ndi anthu oti mwana wa mnansi akagwa amathamanga kukamudzutsa, ndipo pamaliro amagona panja. Ubongo wawo sudali wosweka. Udali utauzidwa kale kuti uyu si mnzathu.

Pali kafukufuku wina wa ku Parma amene ndimamukumbukira ndikamva nkhani zoterezi. Mu 2005 Fogassi adapeza maselo amene ankasiyanitsa kutola kuti udye ndi kutola kuti uike m'kachitini, ngakhale chiyambi cha kutolako n'chimodzi. Nyani akamaonerera munthu, maselowo ankasankha mbali dzanja lisanafike kukamwa kapena kukachitini. Anthu adati taonani, maselo owerenga maganizo. Koma nyani ankadziwa bwanji? Ankaona ngati kachitini kalipo kapena palibe, ankaona chimene chikutoledwa, ndipo ankakumbukira zimene munthuyo wakhala akuchita. Ubongo unkalosera potengera zimene udazolowera kale. Nafenso timatero, ndipo choopsa chake n'chakuti kulosera kumeneku kumamveka m'thupi ngati kudziwa. Gogo amene sakulira pamaliro, wa maso ofiira ndi utsi wa m'khitchini, wolankhula yekha chifukwa cha ukalamba, munthu amamuyang'ana n'kumva mumtima kuti wamudziwa. Sanamudziwe. Waona zimene adabwera nazo. Akale adanena kuti mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo pa mfundo imeneyi ndimawakhulupirira iwo kuposa amene akutiuza kuti tili ndi makina owerengera mitima.

Kalilole sasankhanso zabwino zokhazokha. Mu 2023 gulu la Nirao Shah ku Stanford lidapeza maselo mu ubongo wa mbewa zazimuna amene amagwira ntchito mbewa ikamamenyana, komanso ikamaonerera zinzake zikumenyana. Atawazimitsa, ndewu idachepa. Atawadzutsa dala, mbewazo zidalusa mpaka kuukira zazikazi. Amenewanso ndi maselo a kalilole, koma dzina la Gandhi silingawayenere.

Ngakhale pamene thupi layankha ululu wa mnzako, kuthandiza ndi nkhani ina. Mdzukulu wanga atadwala malungo tidathamangira naye kuchipatala china usiku. Adali atasanza kwambiri moti mitsempha idathawa, ndipo namwino ankafuna polowetsa kanyula kuti aike diripi. Amake mwanayo adatembenukira kukhoma akulira. Ine, amene ndatumbula achule ndi makoswe pamaso pa ana a sukulu, mawondo adalobodoka, ndidangogwira chitsulo cha bedi. Namwinoyo nkhope yake sidasinthe. Adamanga kamkono, n'kumenyamenya kuseri kwa dzanja ndi zala ziwiri, n'kubaya. Adaphonya. Adapukuta ndi thonje, n'kusamukira kuphazi, mwana akukuwa mpaka mawu kusasa. Osadzutsa mutu adangoti, "Agogo, gwirani mwendowu, musausiye." Ndidagwira. Magazi ataonekera m'kapulasitiki kaja adamata pulasitala, n'kukweza botolo, n'kupita pabedi lotsatira.

Akadatijambula ubongo usiku umenewo, ine ndi amake mwana tikadakhoza mayeso a kalilole ndi mamalikisi apamwamba. Koma diripi adaika ndi uja adaoneka wouma mtima. Mu 2007 Yawei Cheng wa ku Taiwan ndi Jean Decety adayerekeza madokotala obaya odwala timasingano ta acupuncture ndi anthu wamba, onse akuonerera masingano akulowa m'thupi la munthu. Anthu wamba zigawo za ululu zija zidadzuka. Madokotala zidakhala bata, ndipo zimene zidagwira ntchito ndi zigawo za kutsogolo kwa ubongo, zothandiza kudzigwira ndi kulingalira. Sindikuikira kumbuyo anamwino okalipira odwala. Kudzigwira ndi mwano n'zosiyana, ndipo wodwala amazisiyanitsa ngakhale ali chigonere. Ndikungonena kuti kumva ululu wa mnzako m'thupi mwako kukhoza kukuthawitsa, kukhoza kukutembenuzira kukhoma, ndipo munthu wothandiza nthawi zambiri ndi amene adaphunzira kuuweta ululu umenewo kuti manja ake asanjenjemere.

Ndiye ndikamva kuti sayansi yatsimikizira umunthu, ndimafunsa kuti, kodi umunthu udali kudikira chitsimikizo cha ku Italy? Makolo athu amene ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe sankafotokoza za chibadwa. Ankalangiza, ndipo munthu salangizidwa pa chinthu chimene chimachitika chokha. Palibe mwambi wouza munthu kuti aziphethira. Ankadziwa kuti mtima ukausiya wokha umathamangira kwa wako, wa mtundu wako, wa mpingo wako, wa chipani chako, n'chifukwa chake ankabwereza mawuwo kuchinamwali, pabwalo la milandu ndi pamoto usiku. Woomba m'manja uja akuganiza kuti walemekeza makolo, pamene wawalanda ntchito imene adaigwira ndi thukuta n'kuipereka kwa maselo.

Chimene chimandilimbitsa mtima pa kafukufuku yenseyu n'chakuti malire a "wathu" ndi "wawo" amasuntha. Ku Australia, gulu la Ross Cunnington mu 2015 lidajambula ubongo wa ophunzira ochokera ku China, ndipo lidapeza kuti amene ankakumana kwambiri ndi azungu tsiku ndi tsiku ubongo wawo unkayankha kwambiri ululu wa mzungu kuposa amene sankakumana nawo. Grit Hein uja adabwereranso ku nkhaniyi mu 2016. Adatenga anthu a ku Switzerland n'kuwauza kuti alandira ululu padzanja, koma munthu wina m'chipindamo akhoza kuwaombola potaya ndalama zake. Kwa ena, woombolayo adali mnzawo wa ku Switzerland. Kwa ena adali munthu wochokera ku mayiko a Balkan, anthu amene ambiri m'dzikomo amawayang'ana ndi diso lokayikira. Poyamba ubongo wa onse unkazirala poona wa ku Balkan akumva ululu. Amene adaomboledwa ndi mlendo adayamba kusintha atangothandizidwa kangapo chabe. Palibe amene adawalalikira za umodzi kapena kuwaonetsa chithunzi cha ubongo. Mlendo adataya ndalama zake, iwo adapulumuka ululu, ndipo pomaliza insula yawo inkayankhanso ululu wa munthu wina wa ku Balkan amene sadawachitirepo chilichonse.